Pilisi losiyitsa kokeni: zaka 40 akuyesa, mpaka lero silinapezeke

Ndiyambe ndi yankho lenilenilo chifukwa ndikudziwa kuti ena mwafika pano muli ndi m'bale amene akuvutika ndipo mtima uli m'mwamba: mpaka lero palibe pilisi, palibe jakisoni, palibe dilipu imene inavomerezedwa kuti imasiyitsa munthu kokeni. Ku America bungwe loona za mankhwala lija la FDA silinavomereze olo mtundu umodzi, ku Ulaya chimodzimodzi. Nde munthu akakuuzani kuti iye ali nawo, mungotulutsa ndalama mwana wanu achira pa masabata awiri, dziwani kuti akukudyerani masuku pamutu basi.

Koma musaganize kuti akatswiri anangopinda manja ayi. Kuyambira m'ma 1980, pamene crack, kokeni wosuta uja wa timiyala, anafalikira m'mizinda ya ku America, akhala akuyesa mankhwala mtundu ndi mtundu, ena a depression, ena a khunyu, ena a matenda a Parkinson, ena othamangitsa tulo, ena osiyitsa mowa, mpaka katemera amene anamuyesa. Ndalama zalowapo zankhaninkhani, zambiri zochokera ku NIDA, bungwe la boma la America lofufuza za mankhwala ozunguza bongo. Ndipo vuto silikuchepa, a UNODC, nthambi ya UN yoona za mankhwala ozunguza bongo, akuti mu 2023 padziko lonse panapangidwa kokeni woposa matani 3,700, chiyambire sizinachitikepo, ndipo ogwiritsa ntchito anali pafupifupi 25 miliyoni. Chimene chandikhudza ine mu mbiri ya kuyesaku ndi choti kulephera sikukuchokera ku ubongo kokha. Zinthu ziwiri zimene zaonetsa kuti zingathandizedi ndi zomwezo zimene anthufe timachita nazo manyazi kuzivomereza.

Ine nkhanizi ndinazilowa chifukwa cha msuweni wanga, mwana wa azakhali anga. Anapita ku Joni mutu uli bwinobwino, anapeza ntchito ya kukhitchini mu lesitilanti ina ku Johannesburg, amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi mpaka azakhali anafolera nyumba ndi malata. Kenako ndalama zinayamba kubwera modumphadumpha, kenako zinasiya, kenako iyeyo ndi amene anayamba kupempha, pena akuti amubera foni, pena akuti lenti. Anzake a konko ndi amene anatiuza kuti akusuta ma rocks, crack uja. Azakhali anandiimbira foni akulira, "mwana wanga, iwe umadziwa za pa intanetizi, tandifufuzira mankhwala ake, olo akhale odula bwanji ndigulitsa munda." Tisanafufuze nkomwe achibale ena anali atapeza kale malo ena konko amene analonjeza dilipu yotsuka magazi, tinasonkha ma rand ambiri ndithu, mnyamata anagonekedwa, anatuluka akuoneka bwino nkhope itasalala, ndipo malipiro a mwezi wotsatira onse anathera kwa wogulitsa yemwe uja. Chimandiwawa mpaka pano ndi choti anthu amenewo amadziwa bwino lomwe kuti kokeni sachedwa m'magazi, pakangotha ola limodzi theka lake limakhala litachoka kale, masiku angapo thupi layeretsa lokha popanda dilipu iliyonse. Vuto silikhala m'magazi. Limakhala pa chibaba chimene chimatsala.

Chibabacho chimabwera chonchi. Mu ubongo mwathumu muli kamadzi kena kotchedwa dopamine, kamatuluka ukadya chokoma, ukapeza ndalama, ukakumana ndi amene umamukonda, ndi kamene kamauza ubongo kuti ichi nchabwino udzachichitenso. Kakamaliza ntchito pali timakina tating'onoting'ono timene timakabweza komwe kanachokera kuti kasachuluke. Kokeni amapita kukatseka timakina timeneto. Zili ngati munthu watseka ngalande nthawi ya dzinja, madzi alibe kolowera nde angosefukira pabwalo ponse. Kusefukira kumeneko ndi kukoma kumene wosuta amamva, ndipo kwa crack kumafika pa masekondi ochepa chabe nkutha mphindi 15 zisanakwane, nchifukwa chake munthu amabwereza usiku onse mpaka m'thumba muume. Pakapita nthawi ubongo umazolowera, zinthu wamba zimasiya kukoma, chakudya, mpira, macheza, zonse zimangokhala zozizira, ndipo akangoona msewu umene amagulira kapena kumva kulira kwa laita mtima umayamba kuthamanga wokha iye asanaganize chilichonse.

Tsono funso limene aliyense amafunsa ndi loti, nanga bwanji a heroin ali nawo mankhwala? Zoonadi ali nawo. Methadone anayamba kumugwiritsa ntchito ku New York m'ma 1960, Vincent Dole ndi Marie Nyswander ndi amene anayambitsa, buprenorphine anavomerezedwa ku America mu 2002, ndipo awiriwa apulumutsa miyoyo yosawerengeka. A mowa ali ndi disulfiram ndi naltrexone, a fodya ali ndi timapepala tomata pakhungu ta nicotine ndi varenicline. Heroin ili ndi malo ake enieni mu ubongo pamene imakakhala, nde methadone amakakhala pamalo omwewo koma modekha, tsiku lonse, munthu osakwera osatsika, nkumapita kuntchito bwinobwino. Kokeni ndi wovuta chifukwa ntchito yake ndi kutseka. Chilichonse chimene ungaike pa kamakina kaja kuti kokeni asafikepo, nachonso chikutseka kamakinako, ndiye kuti chikuchita zomwezo za kokeni. Apa ndi pamene akatswiri akhala akugunda khoma zaka zonsezi.

Mwina ndifotokozeko mmene kuyesako kumachitikira chifukwa pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Amaitana anthu amene akufuna kusiya, amawayeza mtima, chiwindi, BP, nkusayinitsa kuti avomera okha. Kenako kompyuta imachita maere, ena alandira mankhwala enieni, ena alandira placebo, mapilisi ofanana ndendende mtundu ndi kukula koma mkati mulibe kanthu, ndipo wodwala sadziwa, nesi sadziwa, dokotala amene sadziwa mpaka kafukufuku atatha. Nthawi zambiri amatenga masabata 12. Munthu amabwera ku kiliniki katatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu, Lachisanu, amapatsidwa kakapu ka pulasitiki kuti akodzeremo, ndipo pambali pa kakapuko pamakhala kapepala koyeza kutentha chifukwa ena amabwera ndi mkodzo wa mnzawo mu kabotolo. Mu mkodzomo safuna kokeni weniweniyo, amafuna chotsalira chake chotchedwa benzoylecgonine chimene chimakhalitsa masiku awiri kapena atatu, nchifukwa chake amayeza katatu kuti pasakhale mpata wozembera. Onse, a gulu ili ndi a gulu ilo, amalandira uphungu. Nde chimachitika ndi choti olo a mapilisi opanda kanthu aja amayamba kusintha, chifukwa kwa nthawi yoyamba pali munthu amene akuwayembekeza, akuwafunsa kuti mwadzuka bwanji, mwadya? Mankhwala kuti atchedwe ogwira ayenera kupambana pamenepo. Ndipo anthu ambiri amathawira panjira, pofika sabata ya 12 mipando yambiri imakhala yopanda anthu.

Mbiri yake imabwerezabwereza mpaka kumvetsa chisoni. Mu 1989 Frank Gawin ndi Herbert Kleber a ku Yale anatulutsa zotsatira za desipramine, mankhwala akale a depression. Pa anthu 72, amene anamwa desipramine 59 peresenti anakhala masabata atatu kapena anayi osakhudza kokeni, a placebo 17 peresenti yokha. Madokotala anasangalala, anayamba kulembera odwala, koma ena atabwereza kafukufukuyo m'malo ena kusiyana kuja kunazimiririka. Anayesa carbamazepine, bromocriptine, amantadine, zonse chimodzimodzi. Disulfiram wa mowa uja Kathleen Carroll, nayenso wa ku Yale, anapeza kuti amachepetsako kokeni mwa ena, koma zotsatira za ena zinasemphana, komanso ndi woopsa kwa munthu amene akumwabe mowa, pamene osuta kokeni ambiri mowa sausiya. Kenako kunabwera modafinil, pilisi la anthu odwala matenda ongogona tulo masana. Mu 2005 Charles Dackis wa ku University of Pennsylvania anayesa pa anthu 62 zinaoneka bwino kwambiri. Mu 2009 akatswiri ena anayesa pa anthu 210 m'makiliniki angapo, palibe kusiyana ndi placebo, kupatula kuti atayang'ananso manambala anaona ngati amathandizako okhawo amene sanali zidakwa.

Koma imene inanditsegula maso ndi ya vigabatrin, mankhwala a khunyu. Pa makoswe amagwira modabwitsa. Anakayesa ku Mexico pa anthu 103 amene anatulutsidwa kundende koma akuyang'aniridwabe ndi boma, zotsatira zinatuluka mu 2009, amene anamwa vigabatrin 28 peresenti anasiyiratu m'masabata omaliza, a placebo 7.5 peresenti. Nde anabwereza ku America pa anthu 186, zotsatira mu 2013, palibe chimene chinaoneka. Powerenga mapilisi otsala m'mabotolo zimaoneka ngati ambiri amamwa bwinobwino, powafunsa amati eee tikumwa adokotala. Koma atakayeza mkodzo kufuna vigabatrin weniweniyo anapeza kuti pafupifupi theka la anthuwo mwina sankamwa mwandondomeko nkomwe. Tangoganizani, kafukufuku wa ndalama zambirimbiri, zaka zingapo za ntchito, ndipo mpaka lero funso loti mankhwalawo amagwira kapena ayi silinayankhidwe mokwanira chifukwa sanafike m'mimba. Ine sindikuwanyoza odwalawo ayi. Munthu amene wakhala masiku atatu osagona, alibe pogona penipeni, foni anagulitsa, ukumuuza kuti azimwa pilisi m'mawa ndi madzulo pa nthawi yake, pilisi loti likagwira limulanda chinthu chokhacho chimene chikumukomerabe pa moyo wake. Mtima wake wina ukufuna kusiya, wina sukufuna, ndipo matendawo ndi amenewo. Vigabatrin alinso ndi vuto lake, amatha kuononga maso munthu nkumaona patsogolo pokha osaona m'mbali, nde si mankhwala ongoyesa mwachisawawa.

Nkhani yosamwa mankhwalayi ife kwathu timaidziwa bwino kudzera mu TB. Njira ija yomwera mapilisi pamaso pa wazaumoyo kapena gadiyani, imene pambuyo pake WHO inaitcha DOTS, inakulira kuno kwathu komwe, Karel Styblo anaiyesa m'ma 1980 ku Tanzania, Malawi ndi Mozambique. Mankhwala a TB analipo kale, chimene chinkasowa ndi njira yoonetsetsa kuti amezedwa mpaka kumapeto. Ndikaona akatswiri a kokeni akudandaula za odwala osamwa mapilisi ndimaona kuti phunziro limeneli likuwakhudza nawonso.

Ena anaganiza kuti bwanji tingochotsa nkhani ya mapilisi, tipange katemera. Ganizo lake ndi labwino zedi. Kokeni ndi kanthu kakang'ono kwambiri moti asilikali a m'thupi sakaona, nde akatswiri anamumata ku kachidutswa kosavulaza ka poizoni wa kolera, kuti thupi likamalimbana ndi kachidutswako liphunzirenso kugwira kokeni. Akagwidwa m'magazi amakhala wamkulu, sangathe kulowa mu ubongo, munthu asuta koma osamva kanthu. Katemerayu amatchedwa TA-CD. Mu 2009 zotsatira za Thomas Kosten ndi anzake pa anthu 115 zinatuluka, jakisoni kasanu pa masabata 12, koma 38 peresenti yokha ndi amene thupi lawo linapanga asilikali okwanira, ndipo olo iwowo chitetezo chinangokhala pafupifupi miyezi iwiri. Choopsa china ndi choti ena ataona kuti sakumva kukoma anayamba kuonjezera mlingo kuti apyole chitetezocho, pamene mtima wawo ukulandirabe nkhonya. Mu 2014 kafukufuku wamkulu wa anthu 300 m'malo 6 anatuluka, katemera sanapambane placebo. Katemera amatseka khomo la kokeni koma chibaba sachikhudza olo pang'ono, chimangokhala pomwepo chikukuwa. Ku Weill Cornell ku New York gulu la Ronald Crystal linapanga katemera wina, naye sanafike poti nkuperekedwa m'zipatala.

Tsopano ndifike pa chinthu choyamba chimene anthu sakonda kumva. Ku Netherlands kuli makiliniki amene anthu amene methadone wawakanika amapatsidwa heroin ya kuchipatala pamaso pa manesi, tsiku ndi tsiku. Ambiri mwa iwo amasutanso crack, zaka ndi zaka, njira zonse zinalephera. Mascha Nuijten ndi anzake anatenga 73 mwa anthu amenewa, ena anawapatsa dexamfetamine, mtundu wina wa amphetamine, wosungunuka pang'onopang'ono, mamiligalamu 60 patsiku, ena placebo, ndipo amamwera pompo pa kiliniki nesi akuona, nde nkhani yotaya mapilisi panalibe. Zotsatira zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2016. Pa masiku 84, a placebo anasuta masiku pafupifupi 61, a dexamfetamine masiku 45. Sanasiye onse ayi, koma masiku 16 opanda crack kwa munthu amene wasuta moyo wake onse si nkhani yaying'ono. Ku America Frances Levin wa ku Columbia University anaphatikiza amphetamine ndi topiramate, mankhwala ena a khunyu, pa anthu 127 osuta kwambiri, zotsatira mu 2020, 14 peresenti anakhala osakhudza kokeni masabata atatu omaliza, pa gulu la placebo panalibe olo mmodzi.

Amphetamine ndi msuweni wa kokeni, nayenso amakweza dopamine, nayenso anthu amamugwiritsa ntchito molakwika. Nde ambiri amati uku ndi kungosintha botolo, mukuchotsa chizolowezi china nkuikapo china. Mantha amenewa ine sindikuwapeputsa chifukwa ali ndi mbiri. Mu 1884 ku Vienna Sigmund Freud ankatamanda kokeni kuti ndi mankhwala osiyitsa morphine, anapatsa mnzake Ernst von Fleischl-Marxow, ndipo mnzakeyo anathera m'goli la zonse ziwiri mpaka imfa yake mu 1891. Komanso amphetamine amakweza BP, amathamangitsa mtima, mwa ena amayambitsa misala, ndipo m'dziko limene mankhwala a boma amapezeka akugulitsidwa pa msika, mapilisi otere angathere m'manja mwa ana a sukulu. Zonsezi nzoona. Koma mawu omwewa ankanenedwa za methadone zaka 60 zapitazo, ndipo amene anamvera mawuwo anaika m'manda anthu amene akanakhala moyo. Kusiyana kwa pilisi lolowa pang'onopang'ono tsiku lonse, mlingo wodziwika, dokotala akuyeza BP, ndi mwala wosuta wosakanizidwa ndi levamisole, mankhwala a njoka za m'mimba a ziweto amene amapezeka mu kokeni wambiri ndipo amaononga chitetezo cha m'thupi ndi khungu, ndi kwakukulu kwambiri. Mu 2023 mabungwe awiri a madokotala ku America, ASAM ndi AAAP, anatulutsa malangizo akuti katswiri akhoza kuganizira mankhwala ngati amenewa, modafinil, topiramate, bupropion, amphetamine, kwa odwala ena moyang'anira bwino, olo FDA sinawavomereze pa ntchito imeneyi. Mawu oti katswiri ndi oti moyang'anira ndawalemba dala, chonde wina asakagule mapilisi awa payekha kuti apatse m'bale wake.

Chachiwiri ndi chimene chinandidabwitsa kwambiri, chifukwa si mankhwala nkomwe. Kumayambiriro kwa m'ma 1990 Stephen Higgins wa ku University of Vermont anayamba kupatsa odwala mavocha. Wabweretsa mkodzo wopanda kokeni, walandira vocha ya $2.50 pompopompo. Ulendo wotsatira ukakhalanso woyera ikwera ndi $1.25, ukakwanitsa katatu motsatizana pali bonasi ya $10, ukaterereka palibe kukalipira, palibe kuthamangitsa, vocha ingobwerera poyambira basi. Amene wayenda bwino masabata 12 onse amapeza pafupifupi $1,000, osati kashi m'manja koma zinthu, nsapato, fizi ya kosi, zida za ntchito. Nancy Petry wa ku Connecticut anabwera ndi njira yotchipa, wodwala amapisa dzanja m'mbale nkutola kapepala, kena kangolembedwa mawu olimbikitsa, kena mphatso yaying'ono, mwa apo ndi apo yaikulu. Njirayi amaitcha contingency management. Mu 2021 Brandon Bentzley ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 157 wa anthu 15,842, mankhwala onse ndi njira zonse zimene zinayesedwapo pa kokeni, ndipo imene inaonetsa mosakayikitsa kuti imayeretsa mkodzo inali ya mavochayi. Chifukwa chake nchomveka ukakumbukira dopamine uja. Kokeni amalipira pompano. Kusiya kumalipira chaka chamawa, thanzi, banja, ulemu, zonsezo zili kutali kwa ubongo umene wazolowera malipiro a masekondi. Vocha imabweretsa malipiro a kusiya pafupi, lero lomwe, Lachitatu 9 koloko m'mawa.

Nde mungaganize kuti dziko lonse linathamangira njira imeneyi. Ayi ndithu. Zipatala za asilikali opuma ku America zinayamba mu 2011, California inayamba mu 2023 ndi malire a $599, koma kwa zaka zambiri ndalama za boma lalikulu zimangolola $75 pachaka pa wodwala mmodzi, yochepa moti singagwire ntchito, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pamene anakweza kufika $750. Zaka zoposa 30 umboni uli poyera. Chimene chimatsekereza ndi mtima uja woti, ine ndimadzuka m'mamawa kukagwira ntchito palibe amandilipira chifukwa chosasuta, nanga uyu alipidwe bwanji pochita chinthu chimene amayenera kuchita kale? Mtima umenewo ndimaumvetsa, azakhali amene ananena zomwezo nditawafotokozera, "ndimulipire chifukwa chosiya kutiba?" Koma usiku umodzi m'chipatala ndi mtima wodwala, kapena chaka chimodzi m'ndende, zimadya ndalama zoposa mavocha amenewo kutalitali, ndipo zimenezo timalipira osadandaula. Njirayi ili ndi kufooka kwake, mavocha akatha ena amabwerera, nde imafunika kuyenda limodzi ndi uphungu, ntchito, pogona, anzake atsopano. Koma kukana chinthu chogwira ntchito chifukwa choti chikuoneka ngati kukomera mtima wolakwa, pamenepo ndi ife amene tili ndi vuto osati sayansi.

Pali kanthu kenanso kamene ndikuona kuti kanapha mankhwala ena asanabadwe, ndi muyeso wake. Kwa zaka zambiri kuti mankhwala atchedwe opambana pamafunika kuti munthu asiyiretu, mkodzo woyera mbee masabata omaliza onse. Munthu amene amasuta tsiku lililonse nkufika posuta kamodzi pa sabata, wabwerera kuntchito, akugona kunyumba, ana akumuona, pa pepala amalembedwa kuti walephera, chifukwa kakapu kaja kamangodziwa eya kapena ayi, sikadziwa kuti wachepetsa. Chonsecho mankhwala a BP sitiwataya chifukwa BP yatsika koma sinafike pa 120, ndipo pa mowa anavomereza kale kuti kuchepetsa masiku oledzera kwambiri nakonso ndi phindu. Mu 2023 FDA inatulutsa malangizo oyamba okhudza kupanga mankhwala a vutoli ndipo inatsegula khomo loti pakhale miyeso ina osati kusiyiratu kokha, mkulu wa NIDA Nora Volkow wakhala akulimbikitsa zomwezo. Ine ndikuona kuti ndi sitepe yabwino, ndipo ingakope makampani akuluakulu a mankhwala amene akhala akuthawa gawo ili poona kuti mulibe phindu.

Za ketamine, mankhwala ogonetsa munthu pa opaleshoni, muzimva kwambiri pa intaneti masiku ano nde ndinenepo pang'ono. Mu 2019 Elias Dakwar wa ku Columbia anapatsa anthu dilipu imodzi yokha ya ketamine pamodzi ndi uphungu wa masabata 5, pa anthu 55, ndipo 48 peresenti anali osakhudza kokeni masabata awiri omaliza poyerekeza ndi 11 peresenti a gulu lina. Manambala okongola ndithu. Koma ndi anthu 55, ndipo mwaona kale zimene zinachitikira desipramine wa anthu 72, modafinil wa anthu 62 ndi vigabatrin wa anthu 103 atafika pa mayeso aakulu. Ketamine nayenso ali ndi chizolowezi chake ndipo amaononga chikhodzodzo. Aliyense amene akugulitsa zimenezi lero ngati machiritso otsimikizika akuthamanga kuposa umboni.

Msuweni wanga akadali ku Joni. Amapita ku misonkhano ya Narcotics Anonymous, gulu la anthu olimbikitsana kusiya mankhwala ozunguza bongo, amaonana ndi mlangizi, ndipo achimwene ena a kumpingo kwawo anavomera kumathandiza ndi kanjira kathu kotengera mavocha aja, timagula timakapu toyezera mkodzo ku famase, kakatuluka koyera timamulipirira golosale kapena thiransipoti tsiku lomwelo, osati kashi, kakatuluka koipa palibe kumunyoza, timangoyambiranso pansi. Waterereka kangapo makamaka kumapeto kwa mwezi, nde anavomera yekha kuti malipiro ake azisungidwa ndi achimwenewo. Sindikunena kuti wachira, koma akugwira ntchito ndipo amayankha foni. Amene muli ku South Africa kuli SANCA, bungwe lothandiza anthu ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, amene muli kumudzi kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso chipatala cha boma cha matenda a maganizo ku Zomba. Kulikonse kumene mungapite funsani kuti akatuluka mumamutsatira bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji, mumayeza mkodzo kodi, ndipo mankhwala amene mukumupatsawo dzina lake ndi chani, ndi a vuto lanji. Mankhwala a tulo, a nkhawa kapena a depression akhoza kufunikadi ndipo ndi bwino dokotala aone zimenezo, bola akuuzeni zoona kuti ndi a zimenezo osati osiyitsa kokeni.

China chimene a pabanja muyenera kudziwa pamene mukudikira kuti asiye: kokeni ndi mowa zikakumana m'chiwindi zimapanga chinthu chatsopano chotchedwa cocaethylene, chimakhalitsa m'thupi kuposa kokeni ndipo chimapweteka mtima kwambiri. Amene muli ndi abale ku America ndi Canada dziwaninso kuti kumeneko kokeni amapezeka atasakanizika ndi fentanyl, mankhwala a mtundu wa heroin koma amphamvu kwambiri kuposa heroin, ku America imfa zokhudza kokeni zinaposa 29,000 mu 2023 ndipo zambiri munali fentanyl, nde naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene fentanyl wamupitirira muyeso, azikhala naye pafupi ndipo asamasute ali yekha. Akadandaula kuwawa pachifuwa, akatentha thupi kwambiri, akakomoka kapena kugwa ngati khunyu, mbali imodzi ya nkhope ikagwa kapena mawu akayamba kukokeka, musadikire kuti zimuthere, olo ali ndi zaka 25 zokha thamangirani naye kuchipatala ndipo mukawauze adokotala chilungamo chimene wasuta, nthawi yanji komanso ngati anamwa mowa, chifukwa mankhwala amene angamupatse amadalira zimenezo.